Kapuchi sanafe, ali m'phesi: mmene tizilombo ndi akangaude amadutsira chisanu cha ku Dedza

Mukapeza mpata mwezi wa Julayi, lowani m'munda womwe anakolola kale, zulani phesi lomwe lili ndi kabowo m'mbali, muling'ambe ndi mpeni kuyambira kunsonga mpaka kutsinde. Mkatimo muli njira yodzaza ndi tindowe touma. Itsatireni mpaka chakumunsi, kufupi ndi mizu. Kawirikawiri mupezako mbozi yotuwa, yonenepa, ili phee. Mukaikhudza igwedezeka mwaulesi. Sikudya, pakuti mulibe chodya, sikukula, komanso sinafe. Ameneyo ndi kapuchi, mwana wa uja anaboola masamba a chimanga chanu mu Januwale, ndipo akhala mmenemo miyezi 6 kapena kuposerapo kudikira mvula.

Ambirife timangoti tizilombo timafa mvula ikatha. Kuno n'kosavuta kukhulupirira zimenezo. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Ku Bembeke ndi ku Tsangano kuli zaka zina zomwe chisanu chimawaula ndiwo za m'dimba usiku umodzi wokha. Phokoso lonse la usiku wa Febuluwale limatha, kunja kumangoti zii. Tambiri timafadi. Koma mtundu uliwonse uli ndi njira yake yowolotsera mbewu yake mpaka dzinja lina, ndipo chodabwitsa n'chakuti kukonzekerako kumayamba m'masika, mu Marichi ndi Epulo, kukadali kobiriwira, vuto lisanaoneke n'komwe.

Kapuchi wa kumapiri kuno akatswiri amamutcha Busseola fusca. Kholo lake ndi njenjete yabulauni youluka usiku, yomwe imabisa mazira pomwe tsamba limakulunga phesi. Timbozi tikaswa timakwera kupita pamtima pa chimanga, kenako timaboola n'kulowa m'phesi. Mbadwo woyamba, wa Disembala ndi Januwale, sucheuka: m'miyezi iwiri mbozi yadya, yasanduka chikwa, njenjete yatuluka n'kuikiranso mazira. Mbadwo wachiwiri ndiwo umachita zina. Mbozi zake zimadya chimanga chomwe chikukhwima, chomwe madzi ndi zomanga thupi zikuchepa m'phesi, ndipo kusintha kwa chakudyaku ndiwo uthenga. Mahomoni omwe akanailola kusanduka chikwa amaimitsidwa. Mboziyo imasunga mafuta, mtundu wake umafwifwa, imatsikira kutsinde komwe dzuwa silifika kwambiri, ndipo thupi lonse limachepetsa ntchito mpaka kupuma kumene kumatsika. Miyezi ikamapita imaonda pang'onopang'ono chifukwa ikudya mafuta ake omwe.

Chomwe chimaidzutsa ndi madzi. Wasayansi wa ku Japan, Takashi Okuda, pomwe ankagwira ntchito ku bungwe lofufuza za tizilombo la ICIPE ku Kenya, anaonetsa cha m'ma 1990 kuti mbozi yogonayi imadzuka ikakhudzana ndi madzi kwa masiku angapo, makamaka ikakhala kuti yagona kale nthawi yaitali. Ndiye kuti kamvula kowaza ka tsiku limodzi sikokwanira kuipusitsa. Mvula yeniyeni ikanyowetsa mapesi, mbozi imaboola kazenera kodzatulukira, imasanduka chikwa, ndipo pakapita masabata angapo njenjete imatuluka. Nthawiyo chimanga chomwe munadzala ndi mvula yomweyo chili m'mawondo. Kalendala ya kapuchi ndi ya mlimi ndi imodzi.

Apa ndi pomwe alimi ndi alangizi amakokanakokana. Makolo ankatentha mapesi, ndipo moto umaphadi kapuchi, koma umatenthanso chakudya cha nthaka. Ulimi wa mtayakhasu umati mapesi aphimbire munda. Ena amaopa kuti potero tikuweta kapuchi. Kafukufuku wa m'maiko angapo a mu Africa anapeza kuti chachikulu ndi mmene phesilo lakhalira. Lodulidwa n'kugonekedwa pansi pa dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limatentha mkati moti mbozi zambiri zimafa, ndipo chiswe ndi nyerere zimamaliza zotsala. Phesi loopsa ndi loimirira, lounjikidwa pamthunzi, kapena lomangira mpanda wa bafa ndi khola pafupi ndi munda. Ine ndimaona kuti moto sukufunika apa: gwetsani mapesi msanga mukangokolola, osungira ng'ombe athe mvula isanagwe, ndipo mpanda wa mapesi usayang'anane ndi munda wa chimanga.

Ku maiko ozizira nyengo yonga masika athu, yomwe masamba amayoyoka, imatsogolera chipale chofewa, ndipo tizilombo ta kumeneko timawerenga kutalika kwa tsiku. Ku London tsiku la mu Juni limapitirira maola 16, la mu Disembala silikwana maola 8, choncho chizindikirocho n'choonekeratu. Tambiri timadzaza magazi ndi mankhwala otchedwa glycerol kuti madzi a m'thupi asaundane. Kuli kachikumbu ka ku Alaska komwe mphutsi zake zimapirira kuzizira kwa madigiri 50 pansi pa ziro. Agulugufe otchedwa monarch amathawa ndithu: mbadwo wa Seputembala umauluka makilomita ofika 4,000 kuchoka ku Canada ndi United States kukafika kumapiri a Michoacán ku Mexico, malo omwe asayansi anawadziwa mu 1975. Kwathu kuno tsiku limangosintha kuchoka pa maola pafupifupi 13 mu Disembala kufika pa 11 ndi mphindi zochepa mu Juni. Mdani wamkulu si madzi oundana koma kuuma ndi njala ya miyezi 6, ndipo ku Dedza ndi kumtunda kwa Ntcheu chisanu chimangowonjezera pa mavutowo. N'chifukwa chake tizilombo tathu timadalira zizindikiro zina: kukoma kwa chakudya, chinyezi, ndi kutsika kwa kutentha mu Epulo ndi Meyi.

Chitsanzo chomwe dziko lonse limaphunzirirapo nkhaniyi chinachokera ku Malawi konkuno, ngakhale ambirife sitidziwa. Mu 1988 agulugufe aakazi pafupifupi 80 a mtundu wa Bicyclus anynana anatengedwa ku Nkhata Bay kupita ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands, komwe wasayansi Paul Brakefield ndi anzake anayamba kuwaweta. Zidzukulu zawo zili m'malabotale ambiri mpaka lero. Ndi kagulugufe kabulauni, kosaoneka bwino, komwe kamauluka chapansipansi m'mithunzi n'kumatera pa zipatso zowola. Kakabadwa m'dzinja, kunsi kwa mapiko ake kumakhala mawanga aakulu ozungulira ooneka ngati maso, ndi mzere woyera. Kakabadwa m'masika mawangawo amachepa mpaka kutsala timadontho, ndipo phiko lonse limafanana ndi tsamba louma.

Mayi mmodzi angathe kubereka mitundu iwiri yonseyi. Chomwe chimasankha ndi kutentha komwe mbozi inamva chakumapeto kwa kukula kwake: yoleredwa pa madigiri 27 imatuluka ya mawanga aakulu, ya pa madigiri 19 imatuluka yofwifwa. Nzeru yake ili apa. M'dzinja gulugufe amayendayenda, kufuna mwamuna kapena mkazi ndi poikira mazira, choncho kubisala n'kosatheka. Maso abodzawo amakopa mdani monga chiswamphika kuti alume m'mphepete mwa phiko m'malo mwa mutu, gulugufe n'kuthawa ndi phiko long'ambika. M'chilimwe udzu womwe mbozi zake zimadya kulibe, ndiye palibe chifukwa choikira mazira. Ntchito ndi imodzi: kukhala phee pa masamba ouma, osaonedwa ndi mbalame, mpaka Novembala. Pamenepo diso lalikulu pa phiko ndi imfa. Mbozi yomwe ikudya udzu wobiriwira mu Epulo imakhala ikusoka kale malaya a mu Ogasiti.

Mu 2011 ofufuza a ku yunivesite ya Yale anapezanso china choseketsa pa kagulugufe komweka. Kwa obadwa nyengo yofunda, wamwamuna ndiye amafunsira. Kwa obadwa nyengo yozizira zimatembenuka, wamkazi ndiye amavinira wamwamuna, chifukwa pokwerana wamwamuna wa nyengoyi amapereka chakudya chomwe chimatalikitsa moyo wa wamkaziyo. Pa njala chikondi chimayenda ndi phoso, ngakhale kwa agulugufe.

Gulugufe wina wosintha malaya, yemwe mungamuone mosavuta m'mapiri athu, ndi Precis octavia. Wa m'dzinja ndi wofiira ngati lalanje lakupsa, wa m'chilimwe ndi wakuda wa mawanga abuluu, ndipo madzulo ozizira a mtundu wakudawu amasonkhana m'magulu pansi pa zigwembe ndi m'ming'alu ya miyala. Akatswiri ankawayesa mitundu iwiri yosiyana mpaka mu 1898, pomwe Guy Marshall ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, analera mazira a wofiira n'kutulukamo wakuda.

Ziwala nazo zimatsata mtundu wa tchire. Udzu ukamauma, zobiriwira zimachepa, zabulauni zimachuluka, chifukwa tiana tikamafundula khungu latsopano limatengera malo omwe tikukhala. Anyamata osaka mbewa akatentha tchire, kayendeni palupsa pakapita masiku: mupeza ziwala zakuda bii, ndipo ofufuza ku Tanganyika anaona kale m'ma 1950 kuti mitundu ina imada ngakhale itakula kale. Bwanoni, yemwe amadzaza pa magetsi chakumapeto kwa mvula, naye ali wobiriwira ndi wabulauni, ndipo pafupifupi theka la thupi lake louma ndi mafuta. Mafutawo anasungira ulendo ndi kubereka. Ife timangowapezerera m'chiwaya. Dzombe lofiira la m'madambo a nyanja ya Chilwa limakula mu Epulo koma siliikira mazira mpaka mvula ya Novembala, chilimwe chonse limangodikira lili lalikulu. Nkhunguni zodyedwa zija, zomwe ku Zimbabwe amati harurwa, zimaunjikana m'mitengo miyezi yozizira zikukhalira mafuta a m'thupi, ndipo ozigwira amalawirira m'mamawa chisanu chisanazimasule.

Akangaude si tizilombo ta miyendo 6 monga enawa, iwo ali ndi miyendo 8, koma njala ya chilimwe imawakhudza chimodzimodzi popeza chakudya chawo ndi tizilombo tomwe tikusowato. Mu Marichi ndi Epulo anthu amadabwa kuti akangaude akuluakulu a miyendo yakuda ndi yachikasu achokera kuti, aja amatchera ukonde waukulu pakati pa mitengo, pa mawaya a magetsi ndi m'mipanda. Sanachokere kwina. Analipo kuyambira Novembala ali ang'onoang'ono, ndipo dzinja lonse akhala akudya ndi kufundula. Imani pafupi ndi ukonde umodzi dzuwa likupendeka: ulusi wake ndi wagolide. Wamkulu ali pakatiyo, mutu pansi, ndi wamkazi. Yang'anitsitsani m'mphepete, mupeza kena kakang'ono kofiirira kosakwana chikhadabo, kakuyenda mosamala. Ameneyo ndiye bambo wa pakhomopo. Timadontho tonyezimira ngati siliva tomwe tapachikika pa ulusi wa m'mbali ndi akangaude a mtundu wina, akuba, omwe amadya zotsala za mwini ukonde.

Wamkaziyo sadzaiona mvula ina. Chisanu chisanafike amachoka pa ukonde, n'kukaikira mazira mazanamazana pa tsamba kapena pa khungwa, n'kuwakulunga mu thumba la ulusi wokhuthala. Pofika Juni ukonde wang'ambika, mwini wake wafa. Thumbalo ndilo limadutsa chilimwe. Ulusi umateteza mazira kuti asaume komanso umatchinga nyerere ndi timavu toikira mazira m'mazira a ena. Tiana timaswa mkati momwemo koma sitituluka, timadikira kufunda. Tikatuluka timabalalika m'njira yomwe munthu sangakhulupirire atangouzidwa: kamwana kamakwera pansonga ya udzu, kamaimirira ndi nsonga za miyendo, kamakweza mimba m'mwamba, kamatulutsa ulusi, ndipo mphepo imakanyamula. Wasayansi Charles Darwin anaona tiakangaude tambirimbiri tikutera pa sitima ya Beagle mu 1832, pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kugombe la Argentina. Mu 2018 Erica Morley ndi Daniel Robert a ku yunivesite ya Bristol anaonetsa kuti si mphepo yokha: akangaude amamva mphamvu ya magetsi yomwe ili mumlengalenga kudzera mu tiubweya ta m'miyendo, ndipo mphamvuyo imatha kuwanyamula ngakhale m'chipinda chopanda mphepo.

Si onse amafa. Akangaude aubweya okhala m'mauna amakhala zaka zambiri. Kukazizira amatseka khomo la una ndi ulusi n'kusala kudya miyezi. Ndipo ku Namibia ndi South Africa kuli akangaude a mtundu wa Stegodyphus okhala pamodzi m'chisa chimodzi pa mitengo yaminga, omwe amachita chinthu chowawitsa mtima. Nyengo ya chakudya ikamatha, amayi amabzikulira ana chakudya cha m'mimba mwawo, ndipo pamapeto ana amawadya amayiwo. Mafuta a mayi ndiwo amawolotsa ana nyengo yozizira.

Njuchi sizigona nyengo yozizira ngati kapuchi. Ana ake amafuna kutentha kwa madigiri 34 kapena 35 usana ndi usiku, choncho kukazizira zimaunjikana pa malesa n'kumanjenjemeretsa minofu ya mapiko popanda kuuluka, ndipo nkhuni za motowo ndi uchi. Maluwa a deliya m'mbali mwa misewu, chisoso m'minda ndi mitengo ina ya m'nkhalango za Chongoni ndi Dedza-Salima zimazipatsa mpata womaliza wodzaza nkhokwe. Chakudya chikachepa mfumukazi imachepetsa kuikira, ndipo njuchi zazimuna, zomwe sizigwira ntchito, zimaponyedwa kunja. Njuchi za ku Ulaya zimapirira pamalo amodzi chifukwa kulibe kothawira. Zathu zikaona kuti nkhokwe yatha zimasamuka zonse. Mlimi yemwe wafula uchi wonse mu Juni, osasiyako, asadzanene kuti anamulodza akadzapeza mng'oma uli mbee mu Ogasiti. Za chiswe sindichulukitsa: chili ndi munda wake wa bowa pansi pa chulu, chimatsika kukatunga chinyezi kunsi, ndipo ngumbi zimakulira mmenemo kudikira mvula.

Katswiri wa onse ndi kamphutsi kofiira kosakwana sentimita imodzi, mwana wa kantchentche konga udzudzu koma kosaluma, komwe kamakhala m'tizithaphwi ta pamwamba pa matanthwe, tonga tomwe timaona pa miyala ya m'mapiri athu mvula ikagwa. Mtundu woyamba kudziwika, Polypedilum vanderplanki, unapezeka ku Nigeria. Mu 2017 asayansi analengeza kuti wa ku Malawi ndi mtundu pawokha, n'kuutcha Polypedilum pembai polemekeza wasayansi Dylo Pemba wa ku Chancellor College. M'gulu la ofufuzawo munalinso Okuda uja wa kapuchi. Chithaphwi chikamaphwa, kamphutsika sikathawa. Kamadzimangira kachubu ka matope kuti kaume pang'onopang'ono, kwa masiku awiri kapena kuposa, ndipo m'nthawi imeneyo thupi limapanga shuga wotchedwa trehalose mpaka kufika gawo limodzi mwa magawo 5 a thupi louma. Madzi amatsala 3 peresenti yokha. Shugayo amalimba ngati uja wosungunula pamoto akazizira, n'kugwira chilichonse cha m'maselo pamalo pake kuti chisaphwanyike. Sikapuma, mtima sugunda. Mukathira madzi, pasanathe ola kayamba kugwedezeka. Mphutsi za mtundu wa ku Nigeria zinadzukapo zitauma zaka 17. Koma mukakaumitsa mwachangu kamafa, pakuti shugayo sanapangidwe: apanso moyo wagona pa kuyamba msanga.

Udzudzu umachepa kumtunda kuno m'miyezi yozizira, ndipo kachilombo ka malungo kamachedwa kwambiri kukhwima mwa udzudzu kukazizira pansi pa madigiri pafupifupi 18. Kutsika ku Golomoti, Mtakataka kapena Bwanje nkhani ndi ina, kumeneko kumafunda ndipo madzi osaphwa alipo. Ku Mali ofufuza anagwiranso udzudzu waukazi womwe anaupaka chizindikiro miyezi 7 m'mbuyomo, utadutsa chilimwe chonse uli moyo, pomwe udzudzu wamba sutha mwezi. Neti isapindidwe chifukwa cha Juni.

Pali ena omwe alibe luso lililonse logona, koma akutisautsa kuposa onse, chifukwa chilimwe chawo timawadutsitsa ndife. Nankafumbwe amalowa m'chimanga chikadali m'munda, pa mikukwe, ndipo timamunyamula tokha kupita naye kunkhokwe komwe kulibe njala. Nankafumbwe wamkulu, woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, kwawo ndi ku Central America. Anafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, n'kulowa m'Malawi kudzera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amagwira ntchito pa iwo chifukwa tizilomboti sitingathe kuimitsa kupuma monga kamphutsi ka pathanthwe kaja.

Winayo ndi ntchemberezandonda yachilendo ija yodya pamtima pa chimanga. Kwawo ku America chisanu chimaipha chaka chilichonse m'madera a kumpoto, imangopulumukira kumwera kwa Florida ndi Texas, n'kuyambiranso ulendo kukafunda. Inaoneka kumadzulo kwa Africa kumayambiriro kwa 2016, m'nyengo ya ulimi ya 2016/17 inali itafika kuno, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Mboziyi singagone m'phesi ngati kapuchi. Ikasowa chomera chobiriwira imafa. Chisanu cha ku Dedza chimangoichedwetsa: moyo womwe umatenga mwezi umodzi kukafunda umatenga miyezi iwiri kapena itatu kukazizira. Pothawira pake ndi chimanga cha m'dimba ndi cha m'masikimu a mthirira, ndipo njenjete yake imatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi, yaikazi imodzi n'kuikira mazira oposa 1,000. Kuchoka ku madimba a m'chigwa cha Bwanje kukwera ku Lizulu ndi ulendo wa usiku umodzi. Choncho mwini dimba yemwe amayendera chimanga chake mu Julayi ndi Ogasiti, kusuzumira pamtima pa phesi lililonse ndi kutswanya magulu a mazira pa masamba, amakhala akupha mbozi pa nthawi yomwe zili zochepa kwambiri m'chaka chonse, komanso zili m'timinda tating'ono tomwe munthu mmodzi angathe kumaliza m'mawa umodzi.